Kodi dziko limathera pati tikayang'ana kumwamba?

"Ndine mphunzitsi wa jogalafe ku sekondale. Tsiku lina tikuphunzira za malire a mayiko, mtsikana wina m'kalasi mwanga anandifunsa kuti: 'Aphunzitsi, pamtunda malire alipo, panyanja alipo. Nanga kumwambaku dziko limathera pati? Ndege ikalowa popanda chilolezo amati yaphwanya lamulo, koma masetilaiti amadutsa tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene amadandaula.' Ine ndinasowa chonena. Ndafufuza m'mabuku amene ndili nawo, ena akuti makilomita 100, ena akuti 80, ena sakutchula n'komwe. Chonde ndithandizeni, ndisanamize ana a eni."

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Simunalephere. Funso limene mwanayo anakufunsani lakhala likukambidwa ku United Nations kuyambira mu 1967, ndipo mpaka lero mayiko sanasainirane pangano lililonse lonena kuti ulamuliro wa dziko umathera pa mtunda wakutiwakuti. Mabuku anu akusiyana chifukwa eni nkhaniwo sanamvane. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa malamulo a kayendedwe ka ndege, funsoli silinaphonyepo chaka, ndipo kawirikawiri amalifunsa ndi wophunzira amene wamvetsadi phunzirolo. Mtsikanayo mumuyamikire.

Kuti tisasokonezane, mawu akuti mlengalenga ndiwagwiritsa ntchito ponena gawo la m'munsi lokhala ndi mpweya, momwe ndege zimauluka. Mawu akuti thambo ndiwasungira kumtunda kuja kumene masetilaiti amazungulira. Malamulo a magawo awiriwa ndi osiyana ngati usiku ndi usana, ndipo vuto lonse lagona poti palibe amene anajambula mzere pakati pawo.

Tiyambe ndi mlengalenga. Ndege zitangoyamba kumene, akatswiri ena a malamulo, monga Paul Fauchille wa ku France, ankati mpweya ulibe mwini, aliyense aulukemo ngati mmene zombo zimayendera pakati pa nyanja yaikulu. Maganizo amenewa sanakhalitse. Mu Julayi 1909 Louis Blériot anauluka kuchoka ku France n'kukatera ku England, ndipo anthu anazindikira kuti nyanja siingatchinjirizenso dziko. Kenako nkhondo yoyamba ya padziko lonse inaonetsa ndege zikuzonda adani ndi kuponya mabomba. Nkhondo itatha, pangano la ku Paris la mu 1919 linanena mosapita m'mbali kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga umene uli pamwamba pake, ndipo ulamulirowo siligawana ndi wina. Mfundo yomweyo inabwerezedwa m'ndime yoyamba ya pangano la ku Chicago, limene linasainidwa pa 7 Disembala 1944. Limeneli ndi limene likugwira ntchito lero, ndipo ndi limene linabala bungwe la ICAO loyang'anira kayendedwe ka ndege pakati pa mayiko, lomwe likulu lake lili ku Montreal ndipo lili ndi mayiko 193.

Cham'mbali, panganoli silivuta. Mlengalenga wa dziko umatsata nthaka yake ndi madzi ake a m'mphepete mwa nyanja, amene malinga ndi pangano la za nyanja la mu 1982 amafika mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe, ngati makilomita 22. Koma cham'mwamba, olemba pangano la Chicago anangoti zii. Sindiwaimba mlandu. Mu 1944 ankakambirana za ndege za mapiko ndi mapulopela, ndipo m'maganizo mwawo mlengalenga unali paliponse pamene ndege ingafike.

Zinthu ziwiri zimene zinachitika motsatizana ndi zimene zinaumba lamulo lomwe tikutsata lero, ndipo ndimakonda kuziika pambalimbali ndikamaphunzitsa. Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaulutsa Sputnik, setilaiti yoyamba. Kachipangizo kameneka kankazungulira dziko lapansi pa mphindi 96 zilizonse, ndipo pamene kankatsika kwambiri kankakhala makilomita oposa 200 kuchokera pansi. Kanadutsa pamwamba pa mayiko ambirimbiri osapempha chilolezo kwa aliyense, koma palibe boma limene linadandaula kuti malire ake aphwanyidwa. Ndipotu akuluakulu ena m'boma la America la pulezidenti Eisenhower anaona kuti zawakomera, chifukwa nawonso ankakonza masetilaiti ozonda, ndipo tsopano njira inali italambulidwa ndi mdani wawo yemwe. Pasanathe zaka zitatu, pa 1 Meyi 1960, asilikali a Soviet Union anagwetsa ndege yozonda ya America ya mtundu wa U-2 kufupi ndi mzinda wa Sverdlovsk. Woyendetsa wake, Francis Gary Powers, anali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 21. Boma la America linayamba ndi kunama kuti inali ndege yofufuza za nyengo imene inasochera, kenako linavomera kuti inkazonda, koma silinayerekeze kunena kuti pa makilomita 21 ndi kunja kwa ulamuliro wa Soviet Union.

Mukaphatikiza nkhani ziwirizi mwapeza zimene mayiko onse amavomereza ngakhale sanazilembe. Pamene ndege ingafike ndi pa mwini dziko. Pamene setilaiti ikuzungulira si pa aliyense. M'malamulo a pakati pa mayiko, chinthu chikachitika mobwerezabwereza, mayiko akuona koma osatsutsa, ndipo akuchitenga ngati choyenera, chimasanduka lamulo la chizolowezi. Pangano la za kuthambo la mu 1967 linadzangotsindika: ndime yake yachiwiri imati palibe dziko limene lingatenge thambo, mwezi kapena zinthu zina zakuthambo kukhala zake, kaya polengeza ulamuliro, pogwiritsa ntchito malowo, kapena pokhalapo. Koma nalonso silinanene pamene thambolo limayambira.

Ana anu angafunse chifukwa chake ulamuliro sungangopitirira mpaka kunyenyezi. Apa jogalafe yanu ikuthandizani kuposa malamulo anga. Tengani mpira wa mapu a dziko lapansi, mubayepo kamtengo pa dziko limodzi, kenako muuzungulitse. Ana aona okha kuti nsonga ya kamtengoko ikuloza pena apa, pena apo. Ulamuliro ukanakhala wopanda denga, mwezi ukanakhala wa dziko lina m'mawa n'kukhala wa lina madzulo. Kale ku Ulaya kunali mfundo ya m'Chilatini yonena kuti mwini nthaka ndi mwini wa zonse za pamwamba pake mpaka kumwamba, koma ngakhale kwa munthu wamba inatha ntchito. Mu 1946 khoti lalikulu la America linaweruza mlandu wa mlimi wa nkhuku dzina lake Causby, wa ku North Carolina, amene ndege zankhondo zinkadutsa mamita 25 okha pamwamba pa malo ake mpaka nkhuku pafupifupi 150 zinafa podzimenyetsa kuzipupa ndi mantha. Khoti linati mlimiyo ayenera kulipidwa chifukwa ndegezo zinamuonongera kagwiritsidwe ntchito ka malo ake, koma linakana zoti mlengalenga wonse wa pamwamba pa famu yake ndi wake.

Tsopano manambala amene mwawaona m'mabuku. Wa makilomita 100 umatchedwa mzere wa Kármán, potengera dzina la Theodore von Kármán, katswiri wa sayansi ya ndege wobadwira ku Hungary. Ganizo lake linali lakuti ndege imayandama chifukwa mpweya umakankha mapiko ake. Ikamakwera, mpweya umapepuka, ndiye imayenera kuthamanga kwambiri kuti isagwe. Pamafika poti liwiro limene ikufunika ndi lofanana ndi la setilaiti, ndipo pamenepo mapiko alibenso ntchito. Bungwe la FAI, limene limasunga mbiri ya amene aposa anzawo pa zouluka, linasankha makilomita 100 ngati nambala yosavuta kukumbukira. Dziwani kuti FAI si boma ndipo siipanga malamulo omanga mayiko. Nambala ya 80 imachokera ku America, kumene asilikali a m'ndege amapereka ulemu wa woyenda kuthambo kwa aliyense amene wadutsa mamailosi 50, omwe ndi makilomita pafupifupi 80. Mu 2018 wasayansi Jonathan McDowell anawerengeranso masamu a von Kármán pogwiritsa ntchito mbiri ya masetilaiti masauzande ambiri, ndipo anapeza kuti makilomita 80 ndi amene akugwirizana bwino ndi sayansi. Kusiyana kumeneku kunamveka kwambiri mu Julayi 2021, pamene mpondamatiki Richard Branson anakwera makilomita pafupifupi 86 pa chombo cha kampani yake, mpondamatiki wina Jeff Bezos n'kudutsa 100 patangopita masiku 9, anthu n'kumatsutsana kuti wafikadi kuthambo ndani. Koma umenewo unali mkangano wa ulemu. Sunakhudze ulamuliro wa dziko lililonse.

Mpweya nawonso sutithandiza kudula mlanduwu, chifukwa suthera pamalo amodzi. Umangopepuka pang'onopang'ono. Ngakhale malo ofufuzira a kuthambo otchedwa ISS, amene ali pa makilomita pafupifupi 400, amakhudzana ndi timpweya tochepa timene timawatsitsa pang'onopang'ono, moti amayenera kukankhidwira m'mwamba nthawi ndi nthawi.

Mayiko ena analemba nambala m'malamulo awo. Australia mu 2002 inasintha lamulo lake la za kuthambo kuti lizigwira ntchito pa zinthu zopita kupitirira makilomita 100. Kazakhstan mu 2012 ndi Denmark mu 2016 nawonso anatchula 100. Soviet Union, kuyambira mu 1979, inapempha ku United Nations kuti malire aikidwe pa makilomita 100 mpaka 110. Komabe lamulo la dziko limodzi silimanga anzake, ndipo pempho la Soviet Union silinavomerezedwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi danga la pakatili. Ndege zonyamula anthu zimauluka pa makilomita 10 mpaka 12. Ndege yaliwiro ya Concorde inkafika 18. Ndege yozonda ya America ya SR-71 inkayandikira 26. Mabaluni a asayansi opanda munthu afikapo makilomita oposa 50. Kumtunda nako, setilaiti ya ku Japan yotchedwa Tsubame inatsika mpaka makilomita 167 mu 2019 ikugwirabe ntchito, mothandizidwa ndi injini yoikankha. Pakati pa malire awiriwa mpweya ndi wochepa kwambiri kuti unyamule ndege, komanso ndi wochuluka kwambiri kuti setilaiti ikhalitse. Kwa zaka zambiri munkangodutsa maroketi pokwera ndi potsika, ndiye panalibe chokanganirana. Lero zasintha. Kuli zida zouluka mwaliwiro loposa la phokoso kasanu zimene zimayenda m'danga lomweli. Kuli ndege zopanda munthu zoyendera mphamvu ya dzuwa zimene zimakhala pa makilomita 20 kwa milungu. Kampani ya Loon inaulutsapo mabaluni a intaneti pa mtunda womwewo, ndipo mu 2020 anayamba kugwira ntchito ku Kenya isanatsekedwe mu 2021; mabaluni amenewo ankafunika chilolezo cha mayiko amene ankadutsamo. Ndipo mu Febuluwale 2023 chibaluni cha ku China chinadutsa pamwamba pa America pa makilomita pafupifupi 18, mpaka ndege yankhondo inachigwetsa pa 4 Febuluwale m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina. China inati chinali cha zanyengo ndipo chinatengedwa ndi mphepo, inadandaulanso kuti America yachita mopyola muyeso, koma siinanene kuti chinali kuthambo kopanda mwini. Tsiku limene chinthu chotere chidzaime pa makilomita 60 kapena 70, sipadzakhala ndime ya pangano yoti munthu aloze.

Nanga bwanji sakumvana? Akatswiri anagawika pawiri. Ena amati tijambule mzere, za m'munsi zitsate malamulo a ndege, za kumtunda zitsate malamulo a kuthambo. Ena amati mzere ndi wosafunika, tiziyang'ana ntchito ya chinthucho: ngati chikupita kukazungulira dziko lapansi, ndi cha kuthambo kuyambira pamene chanyamuka, kaya chili pa mtunda wotani. America yakhala ikunena kwa zaka zambiri kuti kusowa kwa mzere sikunabweretsepo vuto lenileni, ndipo kuujambula msanga kungatsekereze luso limene likubwera. Mfundo imeneyi ili ndi nzeru zake. Roketi siikwera choongoka ngati nsungwi, imapendekeka, ndipo chombo chobwerera kuchokera kuthambo chimatsika chopendekeka kwa makilomita masauzande. Dziko laling'ono lozunguliridwa ndi anzake silingafike kuthambo popanda kudutsa pamwamba pa mnansi. Komiti ya United Nations yoona za kuthambo imagamula zinthu pokhapokha onse atavomera, choncho dziko limodzi likakana, nkhani imadikira chaka chamawa.

Maganizo anga ndi akuti mzere ukufunika, ndipo ndingauike pa makilomita 100, limodzi ndi ufulu wodutsa mwamtendere kwa zombo zopita ndi kubwera kuthambo, monga zilili ndi zombo za panyanja. Chifukwa changa ndi chakuti lamulo likakhala losamveka, amapindula ndi amene ali ndi zida. Dziko lamphamvu limatha kuona chimene chili pa makilomita 40 pamwamba pake, ndipo likafuna limachigwetsa. Dziko losauka lilibe makina oonera kutali choncho, lilibenso mzinga wofika kumeneko. Chimene lingadalire ndi pepala lolembedwa bwino lomwe lingapite nalo kubwalo la milandu. Mlandu suola, ndipo ndikanakonda kuti uno ukambidwe anthu asanakwiyitsane.

Pali nkhani imodzi imene ana anu angaikonde, chifukwa ikukhudza mayiko a mu Africa. Pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta pali njira imene setilaiti imazungulira mofanana ndi dziko lapansi, moti kwa munthu ali pansi imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake mbale yolandirira wailesi yakanema imaloza kumodzi osasuntha. Malo m'njira imeneyi ndi owerengeka. Mu Disembala 1976 mayiko a pa ikweta anakumana ku Bogotá, likulu la Colombia, ndipo Colombia, Ecuador, Indonesia, Congo, Kenya, Uganda ndi Zaire (lero DR Congo), pamodzi ndi Brazil imene inabwera ngati woonerera, analengeza kuti chigawo cha njirayi chimene chili pamwamba pa dziko lililonse ndi chuma cha dzikolo. Anagwiritsa ntchito mpata womwe tikukambawu: poti palibe amene ananena pamene thambo limayambira, ndani angatsutse kuti njirayo ili m'dera lawo? Mayiko ena anakana, ndipo chilengezocho sichinasanduke lamulo, ngakhale malamulo aakulu a Colombia a mu 1991 amatchulabe chigawo chimenecho. Ine sindigwirizana ndi mfundo yawo ya malamulo, koma dandaulo lawo linali loona. Ankaopa kuti podzafika nthawi yoti akhale ndi masetilaiti awo, malo onse abwino adzakhala atatengedwa. Phokoso lawo linathandiza kuti bungwe la ITU, limene limagawa malowa ndi mafunde a wailesi, likonze dongosolo losungira dziko lililonse malo ake.

Mungafunse kuti mzerewu ukusintha chiyani pa moyo weniweni. Choyamba ndi chilolezo. Ndege ya boma kapena ya asilikali siingalowe mumlengalenga mwa dziko lina popanda kuloledwa, ndipo dziko likhoza kutseka mlengalenga wake, monga mmene mayiko a ku Ulaya ndi Russia anatsekerana mu 2022. Setilaiti siipempha, ngakhale ikhale ikujambula zithunzi za dziko lanu. Mfundo zimene United Nations inavomereza mu 1986 sizifuna kuti dziko lojambulidwa livomere kaye. China ndi chipukutamisozi. Chinthu cha kuthambo chikagwa n'kuononga pansi, pangano la mu 1972 limati dziko limene linachiulutsa lilipire, kaya linalakwitsa kapena ayi. Setilaiti ya Soviet Union yotchedwa Kosmos 954 itamwaza zidutswa za nyukiliya kumpoto kwa Canada mu Januwale 1978, nkhani inatha mu 1981 ndi malipiro a madola a ku Canada 3 miliyoni. Ngozi ya ndege imayendera mapangano ena, ndipo kawirikawiri woimbidwa mlandu ndi kampani.

Muwachenjezenso ana kuti ulamuliro si chilolezo chopha. Pa 1 Seputembala 1983 ndege ya Korean Air Lines inasochera n'kulowa mumlengalenga mwa Soviet Union, inawomberedwa, ndipo anthu onse 269 anafa. Chaka chotsatira mayiko anawonjezera ndime m'pangano la Chicago yoletsa kugwiritsa ntchito zida pa ndege ya anthu wamba imene ili paulendo. Dziko likhoza kuilamula kuti itere, koma miyoyo ya okwera iyenera kutetezedwa.

Cholakwika china chimene ndimachiona kawirikawiri, ngakhale kwa atolankhani, ndi kusokoneza ulamuliro ndi madera oyang'anira ndege. ICAO inagawa mlengalenga wa dziko lonse lapansi, ndi wa pamwamba pa nyanja zikuluzikulu womwe, m'zigawo zimene dziko lina limapatsidwa kuti lizitsogolera ndege ndi kuzipatsa uthenga. Imeneyo ndi ntchito imene dziko lapatsidwa. Siilipatsa umwini. Chimodzimodzi madera amene mayiko ena amalengeza okha kunja kwa malire awo, ofuna kuti ndege izidzidziwitsa isanayandikire: pangano la Chicago silinawakhazikitse, ndipo sakulitsa dziko ngakhale ndi mita imodzi.

M'kalasi, ine ndikanawauza chonchi. Paliponse pamene ndege kapena baluni ikuuluka ndi m'dera la dziko limene lili pansipo. Pamene masetilaiti amazungulira si pa dziko lililonse. Nambala imene anthu ambiri amatchula ngati malire ndi makilomita 100, ena 80, koma mayiko sanaisainire. Pa mayeso, ngati buku la silabasi likutchula mzere wa Kármán, alembe makilomita 100 ndipo awonjezere kuti ndi mzere wa chizolowezi.

Ngati tsiku lina kalabu ya sayansi pasukulu panu idzafuna kuulutsa baluni yonyamula kamera, kadironi kapena karoketi koyeserera, musadzadalire kalata inoyi. Pitani kaye ku ofesi ya boma yoyang'anira kayendedwe ka ndege m'dziko lanu, chifukwa baluni yotere imadutsa m'njira za ndege ndipo mphepo ikhoza kuiwolotsa malire. Amene akufuna kuchita malonda okhudza masetilaiti kapena mafunde a wailesi afunika loya wodziwa malamulo a ndege ndi a kuthambo, komanso bungwe loyang'anira za mauthenga. Ndipo wina akadzapeza chitsulo chachilendo chimene chagwa kuchokera kumwamba, asachigwire kapena kuchidula, chifukwa matanki ena amatsala ndi mafuta a poizoni. Adziwitse apolisi. Malinga ndi pangano la mu 1968, chinthucho chimabwezedwa kwa amene anachiulutsa akachipempha, ndipo nkhani ya chipukutamisozi imayendetsedwa ndi boma m'malo mwa munthu amene waonongeredwa katundu, choncho ajambule zithunzi za pamalopo ali chapatali ndipo asunge umboni wa zonse zimene zaonongeka.